Mwana Wonenepa ndi Mawu Athu a Pambuyo pa Ubatizo

Mwezi watha tinapita kukabatiza ana ku tchalitchi china cha kumudzi. Pakati pa makandawo panali kamnyamata ka chaka ndi theka, konenepa kotero kuti khosi silinkaoneka, m'dzanja muli bisiketi, pambali botolo la chakumwa chotsekemera. Agogo ake anakanyamula monyadira, ndipo ife, monga mwa chizolowezi, tinati: "Agogo, mukulera bwino ndithu." Madzulo ake namwino wina wa mu mpingomo anatitengera pambali mwaulemu. "Bambo Mfumu," anatero, "mawu aja atiwonjezera ntchito."

Tinachita manyazi, koma tikudziwa kumene mawuwo anachokera. Ife amene tinaona njala ya 2002 tili ana timakumbukira makanda otupa mapazi ndi a tsitsi lofiira, ndipo chiyambire pamenepo mwana wonenepa timamuona ngati wopulumuka. Mantha amenewa si opanda pake. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira. Komatu kafukufuku yemweyo anapezanso kuti pafupifupi asanu anali olemera kupyola muyezo wa msinkhu wao. Mwana angathe kukhala wopinimbira ndi wonenepa panthawi imodzi, mimba yokhuta shuga ndi mafuta pamene thupi likusowa zomanga. Akakula, mwana wotere amakhala pafupi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Namwino uja anatiuza chomwe chimamuvuta. Pa sikelo ya ana, iye ndi alangizi a zaumoyo amadziwa bwino chochita akaona mwana wonyentchera: amayeza mkono, amapereka chiponde, amatumiza kuchipatala. Koma mzere wa m'kabuku ukakwera mopitirira, pakamwa pamauma. Adzamuuza chiyani mayi amene anthu onse akumutama? Ndipo kodi mayiyo ndiye mwini mlandu? Kawirikawiri ndi bambo amene amabwera ndi zotsekemera pochokera ku ntchito, posonyeza chikondi, ndi agogo amene safuna kumva mdzukulu akulira.

Apa ndi pamene tikuona kuti aphunzitsidwe, m'sukulu za anamwino za boma ndi za CHAM zomwe. Kuyeza kulemera pamodzi ndi kutalika n'kosavuta kuphunzira. Chovuta ndi kalankhulidwe: kuyamba ndi kufunsa kuti mwana anadya chiyani dzulo, kumvetsera, kuyamika chimene chili chabwino, kenaka kugwirizana pa chinthu chimodzi chokha choti chisinthe mwezi uno. Mayi wochititsidwa manyazi pamaso pa anzake sabweranso ku sikelo, ndipo katemera amathera pomwepo.

Uphungu wake si wachilendo. Bere lokha kwa miyezi 6, ndi kupitiriza kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Phala lotsira nsinjiro, mazira, usipa, masamba ndi zipatso, kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja. Madzi akumwa m'malo mwa zotsekemera. Mu 2019 bungwe la WHO linalangizanso kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinai azisewera moyendetsa thupi mphindi 180 pa tsiku, ndi kuti wosakwana zaka ziwiri asamaikidwe pa kanema kapena pa foni. Akale anati m'mera mpoyamba. Lilime lozolowera shuga pa chaka chimodzi silidzamva kukoma kwa dzungu.

Tidzabwereranso ku mudzi uja mwezi wamawa. Tapempha namwinoyo kuti tidzapite naye kwa agogo aja, ndipo tagwirizana kuti ife tidzayamba ndi kubweza mawu athu, iye adzalankhula pambuyo. Bambo wa mwanayo tawatumizira uthenga kuti tsikulo adzakhalepo.