Mndandanda umodzi, mafoda atatu

Ntchito yanga ndi yolemba ma script ang'onoang'ono a shell, ndipo pempho lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti ndisonkhanitse maina a mafayilo a m'mafoda angapo akhale pamndandanda umodzi. Ojambula zithunzi za maukwati ndiwo amabwera nalo kwambiri. Khadi lililonse la kamera limakhala ndi foda ya DCIM, ndipo makamera ambiri a Canon amatcha zithunzi IMG_0001.JPG, IMG_0002.JPG, mpaka m'tsogolo. Mukaphatikiza makadi atatu mutha kupeza IMG_0001.JPG katatu, koma akwatibwi ake ndi osiyana.

Wongoyamba kumene amathamangira ls. Lamuloli ndi labwino munthu ukamayang'ana ndi maso, koma mukalipatsa mafoda awiri limaika dzina la foda pamwamba, maina a mafayilo pansi pake, kenako mzere wopanda kanthu. Zikangodutsa mu sort, mitu ija imamwazikana, ndipo simudziwanso kuti chithunzi ichi chachokera kuti. Zimakhala ngati kufuula kuti "a Banda!" padepoti ya mabasi: amatembenuka ambiri.

N'chifukwa chake ine ndimalemba find khadi1 khadi2 khadi3 -type f. Fayilo iliyonse imatuluka ndi foda yake pamzere womwewo, ndipo ngakhale musanje motani, komwe idachokera sikusowa. Zotulukazo ndimazipereka kwa sort kudzera mu paipi, kachizindikiro ka | kaja. Ganizo lake lidali la Doug McIlroy wa ku Bell Labs, ndipo Ken Thompson adaliika mu Unix mu 1973. Mpaka lero sindidaone chida choposa apa pa ntchito yotere.

Chovuta chenicheni ndi maina amene anthu amapereka okha. "Ukwati wa Loweruka.jpg" shell imaliduladula n'kukhala mafayilo atatu ngati mwaiwala kutsekera dzinalo m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Unix imalola chilichonse m'dzina, ngakhale kudumpha mzere, kupatula / ndi NUL. Ndiye ndimawonjezera -print0 kwa find ndi -z kwa sort, kuti malire a dzina akhale NUL yekhayo.

Ndikamalemba mndandandawo m'fayilo, foda imodzi imodzi mu loop, ndimaika >> osati >, chifukwa > imafufuta zakale ulendo uliwonse n'kukusiyirani foda yomaliza yokha. Mndandandawo ndimausunga kunja kwa mafoda aja, kuopa kuti ungadziwerenge wokha.

Wojambula akandiuza kuti ndichotse zobwerezabwereza, maina sindiwakhulupirira. Ndimayendetsa sha256sum pa fayilo iliyonse, ndipo zomwe manambala ake afanana ndi zokhazo zomwe ndimamuwonetsa kuti asankhe yekha chofufuta.