Malo a Pamwamba pa Google Ndi Obwereka

Ntchito yanga ndi yothandiza mawebusayiti kuti azituluka pamwamba munthu akasaka chinthu pa Google. Anthu a ntchitoyi timangoti SEO. Ambiri amene amandilemba ndi eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Cape Maclear ndi Nkhata Bay, komanso onyamula alendo kupita nawo ku Liwonde kapena kuphiri la Mulanje. Mlendo wa ku Germany asanagule tikiti ya ndege amayamba wasaka kaye pa foni yake, ndipo ndalama yake imadyedwa ndi masamba amene wawaona koyamba. Tsamba lachiwiri la zotsatira amafikako ndi owerengeka.

Pafupifupi aliyense amayamba ndi funso limodzi: "Achimwene, mundiika liti pa nambala wani?" Ndimawauza kuti malowo sindigulitsa chifukwa si anga, ndipo aliyense wowalonjeza zimenezo m'masabata awiri akufuna kuwadyera.

Google ili ndi mapulogalamu amene amayendera masamba usana ndi usiku potsata malinki, n'kusunga zimene apeza, kenako n'kusanja kuti woyamba ndani, wachiwiri ndani. Larry Page ndi Sergey Brin atayambitsa kampaniyi mu 1998, nzeru yawo inali yakuti tsamba limene masamba ena ambiri odalirika akulilozera liyenera kukhala la phindu. Anthu atazindikira zimenezi anayamba kugula malinki. Mu February 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America, J.C. Penney, inali pamwamba pa mawu ochuluka chifukwa cha malinki obzalidwa m'masamba opanda pake, ndipo Google inaitsitsa. Mwezi womwewo kunabwera kusintha kwa kasanjidwe ka Google kotchedwa Panda, kolimbana ndi nkhani zolembedwa mwachidodo pongofuna kudzaza tsamba, ndipo mu April 2012 kunabwera Penguin, wosaka malinki achinyengo. Mpaka lero eni malo ogona amalandira maimelo owatsatsa malinki chikwi pa mtengo wozizira. Ndimawapempha kuti azifufuta osayankha.

Ntchito yeniyeni ndi yosaoneka bwino, ndipo ndimaikonda. Ndimakhala pansi ndi mwini malo kapena mtsikana wolandira alendo, n'kuwapempha kuti andionetse mafunso amene alendo amatumiza pa WhatsApp. Kuchoka pabwalo la ndege la Chileka n'kudzafika kuno n'kutalika bwanji? Msewu umakhala bwanji nyengo ya mvula? Kodi m'madzimu muli likodzo? Sitima ya Ilala imaima tsiku liti? Mumalandira khadi kapena tibwere ndi ndalama m'thumba? Funso lililonse loterolo ndi munthu amene anasaka n'kusowa yankho. Timalemba mayankho oona, ngakhale pa nkhani ya likodzo imene eni malo ena amafuna kuibisa. Ine ndimaumirira, chifukwa mlendo akapanda kuipeza kwa ife adzaipeza kwina, yolembedwa moopseza, ndipo sadzatikhulupiriranso pa zina zonse.

Kenako zithunzi. Mwini malo amafuna chithunzi chachikulu cha dzuwa likulowa m'nyanja, koma chithunzi cholemera chimachedwetsa tsamba, chimadya bandulo, ndipo munthu amatseka asanaone kalikonse. Kuyambira pa 21 April 2015 Google inayamba kukondera masamba ooneka bwino pa foni. Choncho ndimapeputsa zithunzi, ndimakonza mitu ya masamba, n'kuyesa zonse pa foni yotchipa pamalo pamene netiweki ndi yovuta.

Chowawa pa ntchitoyi ndi m'mawa umene umatsegula Search Console, chida cha Google choonetsa mmene tsamba likuchitira, n'kupeza mzere wa alendo a pa tsamba wagwa chamutu. Kangapo pa chaka Google imasintha kasanjidwe kake konse, ndipo kusinthako kumatenga masabata kuti kukhazikike. Zili ngati golosale ya m'mbali mwa msewu waukulu: usiku umodzi msewu aupatutsa, katundu ndi yemweyo, mtengo womwewo, koma palibe galimoto ikuima. Foni imalira: "Achimwene, chachitika n'chiyani? Mwezi uno palibe amene wasungitsa chipinda." Ndimadziwa kuti kumbuyo kwa mawuwo kuli wophika, mlonda, wopalasa bwato ndi amayi ogulitsa tomato pakhomo la khitchini. Masiku oyamba ndimaletsa mwini malo kugwiragwira tsamba. Timadikira kuti fumbi likhale pansi, ndiye tione masamba amene agwa, mawu amene tataya, ndi amene watenga malo athu, kuti tidziwe ngati akuyankhadi bwino kutiposa.

Nthawi zina amakhala akutiposadi, ndipo timakonza. Koma sindivomereza zoti aliyense wogwa anali wachinyengo. Kusintha kwa mu September 2023, kumene Google inati n'kokweza nkhani zothandiza anthu, kunapweteka mawebusayiti ang'onoang'ono ambiri olembedwa ndi anthu odziwa ntchito yawo. HouseFresh, webusayiti imene imayesa yokha makina oyeretsa mpweya, inadandaula poyera mu 2024 kuti yataya pafupifupi alendo ake onse ochokera ku Google, pamene magazini akuluakulu anali pamwamba. Kulibe bwalo lokadandaulako. Ndipo kuchokera mu May 2024, pamene Google inayamba kuika yankho lolembedwa ndi AI pamwamba pa zotsatira, munthu angathe kuwerenga zimene ife tinavutika kulemba osadina tsamba lathu n'komwe.

N'chifukwa chake masiku ano theka la nthawi yanga limathera pa zinthu zimene kale sindinkaziwerengera ngati SEO. Ndimaonetsetsa kuti malo akuoneka molondola pa Google Maps, nambala ya foni ndi yogwira, ndipo ndemanga za alendo zikuyankhidwa mwaulemu, ngakhale zodandaula. Ndimaika batani la WhatsApp pa tsamba lililonse. Ndimapempha wolandira alendo kuti mlendo aliyense akamanyamuka azimufunsa ngati angalole kusiya imelo yake, ndipo nyengo ya alendo ikamayandikira mu May timawalembera onse kuwauza mitengo yatsopano ndi mmene msewu ulili.