Ndani adzachirikiza manja a mphunzitsi?

Lero ndikupempha kuti tiganizire munthu amene timamusiyira ana athu m'mawa uliwonse, mphunzitsi wa kupulaimale, komanso udindo umene mphunzitsi wamkulu ali nawo pa iye.

Lowani m'kalasi la Sitandade 1 pasukulu iliyonse pakati pa Chilumba ndi Songwe. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma inu nomwe mwaonapo makalasi a ana oposa 100, atakhala pansi mothithikana. Mmenemo muli mwana amene kwawo amalankhula Chinkhonde, wina Chitumbuka, wina Chindali, wina Chilambya, ndipo kufupi ndi malire Chiswahili nacho chimamveka. Amene amayi ake amati "amisi" ndi mnzake amene amati "maji" onse ayenera kuwerenga "madzi" m'buku. Muli mwana wosamva bwino amene amangoyang'ana milomo ya aphunzitsi. Muli wachialubino amene saona zolembedwa pabolodi akakhala kumbuyo. Muli wamasiye amene wabwera wosadya, mwana wa msodzi amene akuwodzera chifukwa anadzuka usiku kukayanika usipa, ndi wina wanzeru zothamanga amene wamaliza ntchito msanga nayamba kutsina anzake. Zala za dzanja limodzi sizilingana, koma onsewa akuyang'ana munthu mmodzi wogwira choko.

Katundu ameneyu wakhala akusanjikizana kwa zaka zambiri. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi, ndipo ife amene tinali m'makalasi ang'onoang'ono nthawi imeneyo tikukumbukira kuphunzira m'chinenero chimene agogo athu sankachilankhula. Mu 1994 maphunziro a pulaimale atakhala aulere, ophunzira anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Mu 2017 unduna unatulutsa ndondomeko yakuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Zambiri mwa izi n'zabwino ndithu. Koma chilichonse cholembedwa ku Capital Hill chimadzathera pamapewa a mayi kapena bambo uja wa m'Sitandade 1.

Mukudziwa nkhani ya pa Eksodo 17. Ku Refidimu, Mose akakweza manja Aisraeli ankapambana, akatopa n'kuwatsitsa Aamaleki ankapambana. Aroni ndi Huri sanamdzudzule kuti ndi waulesi. Anamkhazika pamwala, nagwira manja ake, wina uku wina uku, kufikira dzuwa litalowa. Imeneyo ndiyo ntchito ya ahedi. Kusunga kaundula, kuliza belu ndi kutumiza malipoti kuboma n'zofunika, koma mphunzitsi wamkulu amene sagwira manja a aphunzitsi ake wasiya ntchito yeniyeni imene anaikidwira.

Kugwira manja kumayamba pogawa makalasi. Ahedi ambiri amaika mphunzitsi waluso kwambiri ku Sitandade 8, chifukwa zotsatira za mayeso a MANEB ndizo zimene anthu amayezera sukulu. Ku Sitandade 1 amatumizako wongobwera kumene kuchokera kukoleji, nthawi zina wosadziwa ngakhale kupereka moni m'chinenero cha anawo. Abale, m'mera m'poyamba. Mwana amene sanaphunzire kuwerenga m'makalasi oyambirira amabwereza kalasi, amachita manyazi pokhala ndi ang'ono ake, kenaka amasiya n'kupita kunyanja kapena kukapirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Ku Sitandade 8 kuja, kumene kuli mphunzitsi waluso, safikako n'komwe. Mphunzitsi wamkulu wanzeru amaika munthu woleza mtima, wodziwa chinenero cha m'mudzimo, pakhomo lolowera.

M'zaka zimene ndinkagwira ntchito m'boma ndinayenda m'midzi yambiri ya boma lathu lino, ndipo pasukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja ndinaona chimene ndikunenachi ndi maso anga. Mphunzitsi wina wachitsikana anafika kwa ahedi, mayi wachikulire, ali pafupi kulira. Anati m'kalasi mwake muli mnyamata wamwano amene samayankha akaitanidwa, ndipo iye watopa naye. Mayiwo sanatenge chikwapu. M'mawa mwake anakakhala kumbuyo kwa kalasi, naitana mnyamatayo ali kumbuyo kwake, osatembenuka; atamuzungulira n'kumuyang'ana pankhope, anayankha mwaulemu. Khutu lake linkatuluka mafinya kuyambira ali khanda. Anaitanitsa makolo, nawalangiza kupita naye kuchipatala, namusamutsira kutsogolo, nauza mphunzitsiyo kuti asamalankhule atayang'ana kubolodi. Sanathere pomwepo. Masiku ena anawo akaweruka, mayiwo ankatenga ovutika kuwerenga n'kukhala nawo pansi pa mtengo wa mango, kuti mphunzitsi uja apume ndi kukonzekera za mawa. Panalibe ndalama imene inatuluka m'thumba la sukulu, koma mwana anapulumuka, ndipo mphunzitsi sanapemphe kusamuka.

Pali zambiri zotere zimene ahedi angathe. Angalole mwana wachialubino kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ndi kukhala pamene angaone. Angapatule nthawi yakuti aphunzitsi azikhala pamodzi, wodziwa Chindali athandize wosadziwa, wakale aonetse watsopano mmene amagawira ana m'magulu. Angapemphe a PEA kuti awalumikize ndi aphunzitsi amene anaphunzira za ana aulumali ku Montfort, ku Chiradzulu. Akaona mwana amene sukulu yawo singamuthandize, angalozere makolo kumalo ngati sukulu ya osamva ya ku Embangweni kapena ya osaona ya ku Ekwendeni. Ndalama zochepa zimene boma limapereka zotukulira sukulu angazikambirane poyera ndi komiti, n'kufunsa aphunzitsi chimene chikusowa m'kalasi asanagule penti ya ofesi. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera, chifukwa boma linalola zimenezi kuyambira 1993, koma ndi ahedi amene angaletse mnyozo pakati pa ophunzira ndi aphunzitsi omwe. Ndipo kholo likabwera ndi mkwiyo, ahedi ndiwo ayenera kuyamba kulilandira, osati kuliloza kukalasi kuti likalalatire mphunzitsi pamaso pa ana.

Mwina muwerenga izi n'kunena kuti, "Akulu ampingo awauza ahedi lero." Dikirani. Ogwira manja a Mose anali awiri, ndipo mphunzitsi wamkulu nayenso ndi munthu. Ali ndi kalasi lakelake, ali ndi denga limene mphepo inasasula, ali ndi aphunzitsi osowa nyumba amene amapalasa njinga mtunda wautali, ndipo mitsinje ya Rukuru ndi Lufilya ikasefukira theka la ana silibwera. Mutu umodzi susenza denga. Chiyambire 1875, pamene a Robert Laws ndi anzawo anafika m'dziko muno, mpingo wathu wayenda ndi sukulu, ndipo sukulu zambiri kuno zili m'manja mwa Sinodi ya Livingstonia. Nanga bwanji mipando ya makolo imakhala yopanda anthu pamsonkhano wa sukulu?

Choncho ndikupempheni zinthu zitatu. Inu makolo ndi agogo, ngati mwana wanu samva bwino, saona bwino kapena amagwa khunyu, musamubise. Kauzeni ahedi tsiku lomwe mukumulembetsa, kuti mphunzitsi asathe chaka akumuyesa wamwano. Inu amayi a Umanyano, poyendera odwala funsaninso ngati pakhomopo pali mwana wausinkhu wa sukulu amene amangokhala, ndipo mugwirizane ndi gulu la amayi a pasukulu. Inu akulu ampingo anzanga ndi madikoni amene muli m'makomiti a sukulu, musamangofunsa kuti asankhidwa angati kupita kusekondale. Funsaninso kuti mwa ana amene anayamba Sitandade 1, afika ku Sitandade 5 ndi angati, enawo ali kuti, ndipo aphunzitsi akusowa chiyani.

Kwa inu aphunzitsi aakulu amene mukuwerenga, ena ndinu ana anga, ena adzukulu: sabata ino lowani m'kalasi la ang'onoang'ono, khalani pansi ndi anawo, ndipo potuluka mufunse mphunzitsi kuti mungamuthandize pati.

Mulungu akudalitseni nonse, ndipo apatse mphamvu aphunzitsi athu. Amen.