Nyenyezi ya ku Selbu

Wokondedwa mphwanga,

Chithunzi cha magolovesi akuda ndi oyera aja chandipeza, pamodzi ndi funso lako loti kodi n'kulakwa kusintha nyenyezi ili pamwamba pa dzanja kuti uikepo zako. Sintha ndithu. Koma uyambe wamva kumene nyenyeziyo inachokera, chifukwa mbiri yake ikuuza chimene ungasinthe ndi chimene uyenera kuchisiya momwe chilili.

Magolovesi amenewo kwawo ndi ku Selbu, dera la kumudzi m'dziko la Norway, kufupi ndi mzinda wa Trondheim. Ndi a mtundu uja woti zala zinayi zimakhala m'thumba limodzi, chala chachikulu chokha n'kukhala ndi kathumba kakekake. Kumalo kozizira koopsa amawakonda otere chifukwa zala zikagundana zimafunditsana. M'chaka cha 1857, mtsikana wina wa kumeneko, amene anadzadziwika ndi dzina loti Marit Emstad, analuka magolovesi pogwiritsa ntchito ulusi wa mitundu iwiri nthawi imodzi, wakuda ndi woyera, ndipo pamwamba pake anaikapo nyenyezi ya nsonga 8. Anabadwa mu 1841, ndiye kuti anali wa zaka pafupifupi 16 basi. Mbiri imati anawavala popita kutchalitchi, amayi anawaona n'kuyamba kutengera.

Usaganize kuti nyenyeziyo anaipeka ndi Marit. Inalipo kalekale pa nsalu zopeta ndi zowomba za m'mayiko ambiri. Chimene iye anachita n'kuitenga kumene inali n'kuikhazika pa dzanja, poiwerengera masitichi mpaka itakwana bwino. Lero imatchedwa selburose, ndipo chizindikiro cha boma la dera la Selbu chili ndi nyenyezi zitatu zoterozo.

Chimene chinakulitsa lusoli ndi maukwati. Mkwatibwi ankayenera kulukira magolovesi mkwati ndi abale ake aamuna, ndipo pa tsiku la ukwati ankawapachika poyera kuti alendo aone manja a mtsikanayo. Tangoganiza: mudzi wonse ukuyang'ana ntchito yako, ndani angafune kuti yake ifanane ndi ya mnzake wa khomo loyandikana? N'chifukwa chake aliyense ankawonjezerapo kake. Wina ankakulitsa nyenyezi, wina ankaizunguliza ndi timasamba, wina ankaikapo nyama, zilembo za dzina kapena chaka. Mapatani ambiri anatenga mayina a mafamu ndi a anthu amene anawayambitsa. Anne Bårdsgård, m'buku lake lotchedwa Selbuvotter la mu 2016, anasonkhanitsa mapatani oposa 500 ochokera m'dera limodzi lomweli. Ndiye ukamandifunsa ngati n'kololeka kusintha, dziwa kuti eniake akhala akusintha kuyambira pachiyambi.

Kenaka zinalowa malonda. Kwa nthawi yaitali anthu a ku Selbu ankadalira kusema miyala ya mphero, koma malonda amenewa atazilala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuluka ndi kumene kunayamba kudyetsa mabanja. Ankaluka amayi, ana, ngakhalenso abambo. Pofika m'ma 1930 ankatulutsa mapeyala pafupifupi 100,000 pa chaka. Koma pofuna kuluka ambiri msangamsanga, ena anayamba kulekerera, ndipo mu 1934 kunakhazikitsidwa bungwe la Selbu Husflidscentral loti liziyendera katunduyo ndi kuika miyezo. Ine ndimaona kuti bungwelo linapulumutsa dzina la Selbu, ndipo ndimaliyamikira. Komabe zimandikhudza kuti msika ukakonda mapatani ochepa, enawo amaiwalika, ndipo mlendo amayamba kuyesa kuti ku Selbu kuli nyenyezi imodzi yokha. Patani ya pa chithunzi chakocho ndi imodzi mwa zomwe msika unakonda.

Tsono nazi zimene sindikufuna uzigwedeze, chifukwa amayi aja anazipeza ndi manja awo. Golovesi ya ku Selbu ili ngati nyumba ya zipinda: mkombero wa pamkono, pamwamba pa dzanja, chikhatho, kamzere ka m'mbali kolekanitsa ziwirizi, ndi chala chachikulu chimene chimayamba chaching'ono n'kumakula pang'onopang'ono kuchokera pafupi ndi mkono. Kumapeto imasongoka. Pachikhatho amaika timaluwa ting'onoting'ono tobwerezabwereza, ndipo pali chifukwa chake. Ukamaluka ndi ulusi uwiri, umene sukuugwiritsa ntchito umadutsa mkati. Ukadumpha masitichi ambiri, ulusiwo umalendewera ndipo zala zimakodwamo povala. Timaluwa tating'ono timachititsa kuti mitundu izisinthana pafupipafupi, nsalu n'kukhala yothina ndi yolimba pamalo pomwe dzanja limagwira zinthu. Ulusi wodutsa mkatiwo ndi umenenso umachititsa golovesi kukhala yochindikala ndi yofunda. Choncho pojambula patani yako, usalole mtundu umodzi kupitirira masitichi asanu osasinthana ndi unzake. Zikakukakamiza, uzikola ulusi winawo pakati.

Bwalo lako ndi pamwamba pa dzanja. Koma usanajambule chilichonse, luka kachidutswa koyesera, mozungulira ngati mmene udzalukire golovesi yeniyeni, ndi ulusi ndi singano zomwezo. Kachape, kaume, kenaka uwerenge masitichi amene akukwana mu masentimita 10. Yeza dzanja lako mozungulira chikhatho, osaphatikiza chala chachikulu. Tinene kuti wapeza masitichi 30 pa masentimita 10, ndipo dzanja ndi masentimita 20: ukufunika masitichi pafupifupi 60. Pamenepo chotsapo a timizere tiwiri ta m'mbali, otsalawo uwagawe pakati pa chikhatho ndi pamwamba. Chiwerengero cha pamwamba chikhale chosagawika pawiri, monga 27, kuti pakhale sitichi imodzi yapakati pomwe mbali ziwiri za duwa zikumanira.

Ukatero tenga pepala la timabokosi, longa la m'kope la masamu, bokosi limodzi sitichi imodzi. Yamba kujambula malire a golovesi ndi kusongoka kwake, duwa libwere pambuyo, chifukwa ambiri amajambula duwa lokongola kenaka n'kupeza kuti nsonga yake yadulidwa pomwe masitichi akuchepa. Ukumbukirenso kuti chala chachikulu cha dzanja lamanja ndi cha lamanzere sizikhala mbali imodzi. Pa mitundu ya ulusi, sankha wowala kwambiri ndi wakuda kwambiri. Ukakayika, ijambule pa foni chithunzi chopanda mitundu, ikaoneka yofanana usaigule.

Ukamaliza kujambula unditumizire pepalalo usanayambe kuluka, tiwerengere limodzi timabokosito. Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine mkulu wako.