Kukagona m'tenti kunyanja ndi ana: msewu wosavuta ndi uti?

Ambiri amati kukagona m'tenti m'mphepete mwa nyanja n'kwa eni galimoto zikuluzikulu. Ife timapitako pa kagalimoto kotsika, titanyamula ana, mbaula ndi mphasa. Taona kuti kwa banja la ana aang'ono, msewu wafumbi wabwino ndi waufupi, woti mukhoza kubwereranso nawo pa tala usiku mwana akatentha thupi.

N'chifukwa chake sititalikira msewu wa M10, wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita opitirira 60. Nyanja imakhala kudzanja lamanja, ndipo cha ku Nkopola, Makawa ndi Nkhudzi kuli timisewu todutsa m'milambe n'kukathera pagombe. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala timisewuti timauma, ndipo mdani amakhala mchenga basi. Phwetsani matayala pang'ono, ikani giya yotsika, musaime pamchenga wakuya. Khasu, jeke, pampu, chingwe ndi tayala lapadera zisatsale. Tisanakhote timafunsa anyamata a kabaza: "Achimwene, galimoto yaing'ono idutsa?" Iwo amayendamo tsiku lililonse, amadziwa pomwe patitimira.

Amene akufuna mapiri apite ku Cape Maclear. Msewu wake umapatuka mutatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay, n'kukhotakhota makilomita pafupifupi 18 m'nkhalango ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Yendani pang'onopang'ono, ana aone anyani, koma asawaponyere chakudya. M'mudzi wa Chembe muli malo olipira okhomapo tenti, okhala ndi zimbudzi ndi alonda. Chilumba cha Thumbi chimaoneka patsogolo panu, ndipo ku Otter Point nsomba za mbuna zimaoneka m'madzi oyera.

Pafupi pomwepo pali manda a amishonale a ku Scotland amene anatsegula mishoni ya Livingstonia mu 1875. Malungo anawapha, otsalawo n'kusamukira ku Bandawe mu 1881. Udzudzu wake sunasamuke. Aliyense agone m'masikito ngakhale muli m'tenti, ndipo ana avale zamanja aatali dzuwa likangolowa.

Kuvuma kwa nyanja, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Makanjira, n'kokongola, koma timakusiyira a galimoto zamphamvu. Mtunda ndi wautali, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzaza munthu amagona panjira.

Madzi a m'nyanja amakopa mwana, koma ali ndi malamulo ake. Nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi osaya, makamaka pabango ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Likodzo silioneka tsiku lomwelo, pamapita milungu. Ngati ana anasambira, kanenereni kuchipatala mukabwerera, musadikire magazi mumkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka. Funsaninso asodzi za ng'ona ndi mvuu, ndipo usiku pasakhale wopita kumadzi. Akumwa aziphitsidwa kapena kuthiridwa WaterGuard, ndipo Thanzi ORS asasowe m'chikwama. Tisanakhome tenti timadziwiratu njira ya kuchipatala chapafupi, kaya cha Monkey Bay, cha Koche kapena chachikulu cha Mangochi.

Pagombe la mudzi pali eni ake. Pitani kwa amfumu mukapemphe malo, ndipo zinyalala mubwerere nazo. Juni ndi Julayi mwera umakuntha, choncho khomo la tenti liloze kumpoto. Okutobala kumatentha kwambiri moti khanda limatha madzi m'thupi msanga. Nyamukani m'mamawa kuti dzuwa likamapendeka tenti ikhale itaima, phala la ana lili pamoto, inu mukudikira nyali za asodzi a usipa kuti ziyambe kuyaka panyanja.