Botolo lofiira la m'minibasi

Chaka cha 2022 tonse odya za kuwotcherera tinkayendera magetsi. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, magetsi ankabwera nthawi imene afunira, ndiye akangoyaka, kaya ndi 9 koloko usiku, ine ndinali m'galaji ya kunyumba ku Chilomoni, kumalizitsa mabagala ba, zitseko ndi mbaula za anthu. Pofika Okutobala mafuta nawo anali atasowa. Alamu anga, amene ali pa kabaza wa njinga yamoto, anagona pamzere mpaka anapeza petulo, n'kumuthira m'zigubu ziwiri zachikasu zija za mafuta ophikira. Chotsekera cha chigubu chimodzi chinali chosagwira, anangomangapo jumbo. Anazikankhira kunsi kwa tebulo langa, n'kufunditsa chiguduli, osauza munthu. Sindiwaimba mlandu. Masiku amenewo petulo ankabisidwa ngakhale kwa abale.

Usiku umenewo ndinali pa geti ya munthu wina wa ku Namiwawa. Zitseko za galaji ndinazitseka ndi mpiringidzo, chifukwa ana akaona kuwala kwa makina amathamangira kudzaonerera, m'mawa mwake maso ali psuu. Fungo sindinalimve, m'galaji mumanunkha kale penti, thinazi ndi utsi wa marodi.

Petulo sadikira kuti moto umugwere. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, choncho imatsika n'kumakwawa pasimenti, ndipo m'chipinda chotseka, kutentha kwa Okutobala, imangodzadzana. Nthethe za kuwotcherera nazo zimatha kuuluka mamita 10, zikagwa zimadumpha ndi kugubuduka mpaka kulowa kunsi kwa zinthu. Ziwirizi zinakumana penapake kumbuyo kwanga.

Ndinangomva kuti bvuu! M'galasi lakuda la chigoba simuoneka kanthu, ndiye choyamba kudziwa inali miyendo. Nditavula chigoba ndinaona moto wabuluu ukuyenda pansi ponse. Jekete yanga ya thonje inangowauka, koma buluku la nayiloni la pakaunjika linasungunuka n'kumatirira pakhungu kuyambira m'mawondo kutsika. Chozimitsira moto ndinali nacho, cha ufa, cha makilogalamu 4.5, chogula ndi ndalama zanga. Chinali chokoleka pakhoma, pamwamba penipeni pa tebulo lija. Ndinkachiona bwinobwino, kufiira kwake, kamuvi kake, pakati pa malawi. Zigubu zitasungunuka, petulo anayenderera kulowera kukhomo, ine n'kutsalira pakona, kuseri kwa geti ija.

Kunja mayi a kunyumba anali kukuwa: "Moto! Moto kuno! Abambo ali m'kati!" Anyamata anathyola chitseko ndi chitsulo, mpweya utalowa moto unachita kulumpha mpaka kudenga. Wina anabwera ndi ndowa ya madzi n'kukhuthula. Anachita ndi mtima wabwino, koma petulo amayandama pamadzi, ndiye moto unangokwera pamadziwo kubwera kumene ndinali ine.

Mawu amene ndimawakumbukira ndi a aneba athu oyendetsa minibasi: "Madzi ayi! Zimitsani magetsi pa meni switchi! Bweretsani mchenga!" Iwo anali atanyamula kabotolo kofiira ka m'minibasi mwawo, kamene madalaivala ambiri amangokasungira apolisi apamsewu. Anazula kapini, anagwada pakhomo, n'kulozetsa pansi pamene moto ukuchokera, osati m'malawi m'mwamba, akuyendetsa dzanja uku ndi uku ngati munthu akusesa pabwalo. Ufa unatha masekondi mwina 10 asanakwane. Moto sunazime. Chimene chinachitika n'chakuti m'mbali mwa khoma munatseguka kanjira koyera, iwo n'kukuwa kuti, "Amwene, tulukani pompano!" Ndinadutsa ndikukwawa, mpweya nditaugwira.

Anthu amaganiza kuti botolo limenelija limazimitsa nyumba. Ayi ndithu. Ngakhale lalikulu la makilogalamu 9 silifika theka la mphindi. Ntchito yake ndi kupha moto ukadali waung'ono, kapena kupatsa munthu mpata wofika pakhomo, basi.

Pabwalo panayambika mkangano wina. Uyu wabwera ndi Colgate, uyo mazira, wina mafuta ophikira. Agogo ena a kuseri kwathu, amene anapuma pa unamwino, anawakankha onse. "Musamupake kanthu mwanayu. Mukhazikeni pampopi." Mwamwayi madzi anali kutuluka tsiku limenelo. Anandithira mphindi 20 zathunthu, akuyang'ana wotchi ya pafoni, ine ndikunjenjemera ndi kuwachonderera kuti, "Agogo, basi." Sanandimvere. Nsalu imene inamatirira sanaikoke, anangodula ndi sizasi m'mbali mwake. Anandivula mphete chala chisanatupe, n'kundifunditsa chitenje chochapa. Ozimitsa moto anafika denga la galaji litagwa kale, koma nyumba anaipulumutsa, mothandizana ndi anyamata amene anatha mulu wonse wa mchenga wa aneba amene ankamanga.

Ku chipatala cha Gulupu, ku wodi ya anthu akupsa, anandichotsa khungu pantchafu kukaika pamsongolo wakumanzere. Za kutsuka mabala sindifuna kunena zambiri; amene anagonako akudziwa. Chimene chinkandisowetsa tulo ndi ana, ambiri opsa ndi phala, madzi otentha ndi mbaula, ndipo ine mbaula ndi imene ndimapanga.

Panopa ndimawotcherera panja, pansi pa shedi ya malata yopanda makoma. Chozimitsira moto chili pamtengo wa polowera, kutali ndi tebulo, pambali pake ndowa ya mchenga wouma. Mwezi ukatha ndimaona ngati kamuvi kali pobiriwira, n'kulitembenuza botolo kuti ufa usaumbike. Ndisanayatse makina ndimagwada kusuzumira kunsi kwa chilichonse, ndipo ndikamaliza ndimakhala pompo theka la ola, chifukwa nthethe ikalowa m'chiguduli kapena m'utuchi imanyeka mwakachetechete mwini wake atakagona. Botolo latsopanoli anagula ndi alamu, pang'onopang'ono, ndi ndalama za kabaza, ndipo la m'minibasi anakadzadzitsanso ndi iwo.

Geti ija sinapse, chitsulo chinangoda. Mwini wake anabwera kudzaitenga ine ndili m'chipatala, ndipo ndalama yotsala sanapereke mpaka lero.