Anandikana chifukwa ndinadwalapo kale

Khansa ya m'mawere inandipeza mu 2007, tikukhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, kumene Amalawife tilipo ambiri ndithu. Nthawi imeneyo abambo akunyumba ankagwira ntchito ku Elkhart, mzinda woyandikana nafe, pa fakitale yopanga magalimoto akuluakulu aja okhala ndi pogona ndi pophikira mkati. Inshuwaransi yathu ya zaumoyo inkachokera kuntchito kwawoko, monga zilili ndi mabanja ambiri kuno. Anandichita opaleshoni, anandipatsa mankhwala amphamvu othothola tsitsi, ndipo gawo lalikulu la bilu inalipira ndi inshuwaransi. Adokotala anati chotupa chachoka, koma ndizimwa mapiritsi a tamoxifen kwa zaka zisanu ndiponso ndisamaphonye kukaunikidwa, chifukwa nthendayi imatha kubwerera mwakachetechete.

Kenaka chuma cha America chinagwa mu 2008. Anthu anasiya kugula magalimoto oyendera maulendo osangalala, ndipo Elkhart inagwada. Kumayambiriro kwa 2009 pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse kumeneko analibe ntchito, moti Pulezidenti Barack Obama anafikako mu February chaka chomwecho, atangolowa kumene m'boma. Fakitale ya abambo inatsekeratu. Pali lamulo lotchedwa COBRA lolola wochotsedwa ntchito kupitiriza inshuwaransi ya kuntchito kwa miyezi 18 podzilipirira yekha, koma limagwira ngati inshuwaransi ya kampaniyo ikadalipo. Yathu inafera limodzi ndi kampani.

Ine ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo, ntchito yolipidwa pa ola, yopanda inshuwaransi. Tinati basi tigule yathu. Mafomu ake ankafunsa matenda onse amene munthu unadwalapo, ndipo ndinalemba zoona, chifukwa masiku amenewo ukabisa kanthu, kampani inkatha kukuchotsa pa nthawi imene wagonekedwa kale m'chipatala. Mayankho anabwera ofanana: abambo ndi ana awalandira, ine ayi, chifukwa ndinadwalapo khansa. Sanaphwanye lamulo lililonse pondikana. Apa ndi pamene panandipweteka kwambiri, chifukwa panalibe koti ndikadandaule.

Mapiritsi ndinkakwanitsa kugula, koma kuunikidwa ndinasiya. Usiku ndinkadzigwira pachifuwa kufufuza ngati mwatuluka kachotupa, kwinaku ndikupemphera kuti ndisakapeze, poti ndikanakapeza ndikanapita nako kuti? Anthu kumudzi amati ku America chipatala sichibweza munthu. Zoona zake n'zakuti lamulo la 1986 limakakamiza zipatala kulandira aliyense wobwera mwadzidzidzi mpaka moyo wake utachoka pangozi. Silinena za kuunika khansa kapena kuichiza kwa miyezi, ndipo bilu imakutsatira kunyumba. Amayi anga kumudzi ankati pafoni, “Mwanawe, ungobwera kuno, kuchipatala cha boma salipiritsa.” Ndinkawayankha kuti, “Amayi, musadandaule, ndili bwino,” chonsecho mtima uli m'mwamba.

Abale a kumpingo sanatitaye. Amayi anzanga ankabwera kudzapemphera nane, ena kusiya thumba la ufa, ena kandalama mu envulopu. Amalawi kuno timadziwa kusonkherana, ndipo msonkhemsonkhe wathu watumizapo maliro ambiri kumudzi pa ndege. Koma chithandizo cha khansa ku America chimadya ndalama zoti mpingo wonse utakhuthula matumba sizingakwane. Chikondi chinalipo chochuluka, koma vuto linali lalikulu kuposa manja athu.

Pa 23 March 2010 Obama anasayina lamulo la Affordable Care Act, limene anthu amangoti Obamacare. Zina zinayamba chaka chomwecho: ana sankakanidwanso chifukwa cha matenda akale, achinyamata analoledwa kukhala pa inshuwaransi ya makolo mpaka zaka 26, ndipo makampani analetsedwa kuika malire a ndalama zimene angalipirire munthu pa moyo wake wonse. Kwa akuluakulu onga ine boma linakhazikitsa inshuwaransi yongoyembekezera, ya anthu okanidwa amene akhala miyezi isanu ndi umodzi opanda kalikonse. Ndinalowa mu 2011. Inali yokwera mtengo, tinachita kudzimana zambiri, koma ndinabwerera kwa dokotala, ndipo anapeza kuti m'thupi muli bwino. Tsiku limenelo ndinalira m'galimoto mpaka abambo anaimika pambali pa msewu kuti tithokoze Mulungu.

Kuyambira pa 1 January 2014 palibenso kampani imene inaloledwa kukana munthu kapena kumukwezera mtengo chifukwa cha matenda. Tinalembetsa pa HealthCare.gov, msika wa boma wogulirapo inshuwaransi, boma n'kutithandiza gawo la malipiro a pamwezi molingana ndi zimene tinkapeza. Fomu yake sinandifunse n'komwe za khansa. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, pondiunika mwa nthawi zonse, anapeza kachotupa m'bere linalo, kakang'ono koti dzanja langa silikanakamva. Anakachotsa kasanafalikire. Lamulo linali litaika malire a ndalama zimene munthu mmodzi angatulutse m'thumba mwake pachaka, ndipo mu 2014 malirewo anali $6,350. Inali ngongole yolemera kwa ife, koma ya mutu ndi mchira, yoti tinkaona pothera pake. Tinaibweza pang'onopang'ono, nyumba sitinatulukemo, ana sanasiye sukulu.

Ndimamva anthu ena, ngakhale anzanga opemphera nawo, akunena kuti boma lisamalowerere pa malonda a inshuwaransi, msika udzikonza wokha. Ine ndinakhalamo mumsika umenewo. Sindinena kuti ogwira ntchito m'makampani aja anali anthu oipa mtima. Kampani imodzi ikanati iyambe yokha kulandira odwala, odwala onse tikanathamangira komweko, mitengo yake ikanakwera, athanzi akanathawira kwa ena, iyo n'kugwa. Choncho aliyense ankapikisana pa luso lopewa anthu onga ine. Chimene chikanathetsa zimenezi ndi lamulo lomanga makampani onse pa tsiku limodzi, ndipo lamulo lotero salemba wina koma boma. Lamulo lomweli linalamulanso kuti pa madola 100 aliwonse amene timalipira, osachepera 80 azipita ku chithandizo chenicheni, apo ayi kampani ibweze ndalama kwa eni ake. Mu 2010 anthu pafupifupi 16 pa 100 aliwonse ku America analibe inshuwaransi. Pofika 2016 anatsika kufika pafupifupi 9.

Mu July 2017 aphungu a nyumba ya Senate anavota usiku pa bilu yofuna kugwetsa mbali zina za lamuloli. Sindinagone. Ndinakhala pa TV ndi mwana wanga wamkazi mpaka mmodzi wa aphunguwo, John McCain, amene anali atangopezeka ndi khansa ya mu ubongo, analoza chala chake pansi kukana. Biluyo inagwa ndi mavoti 51 kwa 49. Ndinazindikira kuti chimene chinanditeteza chingathe kuchotsedwa ndi mavoti owerengeka, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kuchita manyazi kunena nkhani yangayi pagulu.

Ntchito yoteteza odwala sinathe ayi. Khoti lalikulu la dziko lino linagamula mu 2012 kuti chigawo chilichonse chisankhe chokha ngati chikufuna kukulitsa Medicaid, inshuwaransi ya boma ya anthu opeza zochepa. Indiana inavomera mu 2015, koma Texas ndi Florida sanatero, ndipo kumeneko kuli anthu osauka ogwira ntchito amene akadali pamene ndinali ine mu 2009. Ambiri amene ali ndi inshuwaransi amaopabe kupita kwa dokotala chifukwa ndalama zoyamba kulipira okha n'zochuluka. Ndipo abale athu opanda mapepala, amene amasambitsa ndi kudyetsa okalamba a dziko lino usana ndi usiku, lamuloli silinawalole ngakhale kugula inshuwaransi pa msika wa boma ndi ndalama zawo zomwe.

Lero ndili moyo, ndikugwirabe ntchito, ndipo ndanyamula zidzukulu. Ndimayamika Mulungu amene anandisunga m'zaka zija ndinalibe dokotala, ndipo ndimamuyamikanso chifukwa cha anthu amene analimbana kuti lamulo lisinthe. Kulembetsa kukatsegulidwa pa 1 November, ndimakhala kumbuyo kwa tchalitchi tikaweruka mapemphero, kompyuta ili patebulo, kuthandiza abale kudzaza mafomu. Ambiri amayamba ndi kundinong'oneza kuti ali ndi shuga kapena BP, poopa kuti awakana. Ndimawauza kuti funso limenelo palibe pafomu, tiyeni tipitirize.